Buku la Malamulo Pabatani

Ku Petauke kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola pobisa phwete. Sindiwaimba mlandu.

Zinachitika m'nthawi ya Chitaganya, ndili kalaliki pa ofesi ina imene inali ndi wailesi yolankhulirana. Linali bokosi lobiriwira, mabatire ali pansi pa tebulo, waya atamangidwa pamitengo iwiri kuseri. Njira zolankhulira zinali zitatu, aliyense yakeyake. Yoyera inali ya nkhani za ofesi. Yachikasu inali ya anthu a njanji (ife njanjiyo tinkangoimva mbiri, koma njira yawo tinkaiopa ngati manda). Yofiira inali ya ngozi: apolisi, achipatala ndi okonza msewu. Lamulo linali lakuti ukamaliza zako ubwezere pa yofiira, uzimvetsera. Cholankhulira chinali ndi batani. Ukalidina umamveka konsekonse, koma iwe sumva munthu, ndipo palibe wina angalowe.

M'mawa wa tsikulo akuluakulu anapita kukayendera midzi, ine ndinatsala ndekha. Ndinabwezera pa yofiira bwinobwino. Kenako ndinaika cholankhulira patebulo, n'kuchipsinja ndi buku la malamulo a wailesi kuti chisagwe. Bukulo linali lolemera. Bokosi limene nthawi zonse linkalira shiii linangoti zii. Ine ndinati ndi mtendere.

Tsono mawa lake ndinali ndi ulendo wa ku Nyampande kukafunsira mtsikana wina, Esinati, ndipo mawu ndinalibe. Ndinaimirira, n'kuyamba kuyeserera pamaso pa kabati.

"Esinati, ine ndine munthu wa boma. Njinga nili nayo."

Sizinandikomere. Ndinayambiranso ndi mawu okhuthala. Ndinalonjeza nyumba ya malata. Ndinadziyankhanso m'malo mwake ndi kamawu kang'ono: "Ha, a Kalaliki, mwanichititsa manyazi!" (Apa, ndinamva pambuyo pake, okonza msewu onse anaponya mafosholo n'kuunjikana pa wailesi yawo.) Ndinafika mpaka posankha maina a ana.

Chitseko chinatsegulidwa ndi phazi. Anali a Sajeni Mumba, thukuta lili kamukamu, atathamanga kuchokera kupolisi.

"Imwe! Chotsani buku!"

"Buku liti, bambo?"

Analikankhira pansi okha. Bokosi linati shiii, ndipo munatuluka mawu osasa a bambo Lungu, amene ankayang'anira kachipatala kena ku Nyimba.

"Petauke, Petauke! Nili na amai pano, mwana wakhala mopingasa. Tumizani galimoto! Theka la ola niitana, koma nimva za malata!"

A Sajeni sanandiyang'ane n'komwe. Anatuluka akukuwira dalaivala, galimoto n'kunyamuka, fumbi koboo.

Ndinakhala pampando uja tsiku lonse, manja ali m'thumba, kuopa kukhudza kanthu. Zoti ntchito itha sindinaziganize. M'mutu munkangozungulira theka la ola lija ndi mayi amene sindinamuonepo nkhope. Dzuwa litapendeka, dalaivala anasuzumira pawindo, nsidze zili mbuu ndi fumbi.

"Tafika nao kuchipatala chachikulu. Amai ali bwino, mwana alila. Ni mkazi." Anakanda kukhosi. "Akuti dzina lake Esinati. Boma lonse lagwilizana."

Ndinaseka, misozi ikutsika, ndipo sindikudziwa chimene chinayamba.

Pa wailesi anandichotsa sabata yomweyo, ndipo anachita bwino. Patapita nthawi ndinalowa ntchito ya nyuzipepala, kumene munthu amawerenga kawiri zimene walemba dziko lisanazione.

Koma ku Nyampande ndinapitabe. Esinati ndinamupeza akusenda mtedza pakhonde. Ndisanatsamiritse njinga, anandidula.

"Sungani mau, a Kalaliki. Za njinga namva, za malata namva, maina a ana namva. Alongo anga agwila nchito kumsewu, anabwela dzulo."

"Nanga yankho?" ndinatero, chipewa chili m'manja.

"Yankho munayankha kale nokha, na kamau kokoma. Ine mwanifunsa liti?"

Anadzandivomera patapita mvula ziwiri. Mpaka lero ndikayamba kulongolola pamaso pa alendo, mayiyu sakweza mawu. Amangoyang'ana kudenga (la malata, lonjezo ndinasunga) n'kunena kuti, "Bambo, chotsani buku."

Ndimachotsa. Nthawi zina.