Mtima wa Che Amidu

Amene akuti ndimanama aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani chete, chifukwa manja mukuwaonawa anagwira ntchito pa ambulansi kuno ku Mzuzu inu musanamere mano, ndipo mitima imene anadzutsa sindingaiwerenge.

Chinali chaka cha referendamu, masana, kamvula kowaza kaja kakugwa. Uthenga unafika wakuti Che Amidu, mwini golosale ku Mchengautuwa, wagwa kuseri kwa kauntala. Msewu unali utadzaza anthu oguba, dalaivala wanga n'kuyamba kudandaula kuti sitidutsa, ine n'kutsika, n'kusenza ambulansiyo paphewa iye ali momwemo, n'kulumpha chigulu chonsecho, kukatera pakhomo pa golosale matayala akuzungulirabe. Mukumva?

Ndinapeza anthu atamuzungulira, manja kumbuyo. Masiku amenewo aliyense ankaopa kuti ukakhudza munthu wakugwa, mawa ukayankha mafunso kupolisi. Mkazi wake yekha, Abiti Saidi, ndiye ankamuthira madzi kumaso n'kumamukupiza ndi chikatoni, poyesa kuti wangokomoka. Ndinapsa mtima chomene. Mtima ukaima sufuna madzi, umafuna manja, ndipo nthawi yomweyo.

Ndinagwira pakhosi, zii. Mpweya panalibe. Ndinang'amba mkanjo wake, chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba, zigongono zowongoka, n'kuyamba kudinikiza kakhumi ndi kasanu, kumuuzira mpweya m'kamwa kawiri, kudinikizanso, mpaka simenti inatitimira, mabotolo n'kumagwa m'mashelefu, thukuta langa n'kutsetsereka kukafika ku Msongwe kumene amayi anachapira zovala, ndipo ndikati ndiuzire mpweya mitengo ya ku Kaning'ina inkawerama yonse. Makina odzidzimutsa mtima aja ife tinkangowaona m'mabuku, ndiye ndinazula batire la ambulansi ndi mano, dzanja likudinikizabe, n'kugunditsa mawaya pachifuwa, magetsi n'kuzima tauni yonse. Mulungu ndi mboni yanga.

Nthiti inathyoka, ina n'kutsatira. Anthu aja anayamba kung'ung'udza kuti ndikuzunza maliro. Ndinawauza kuti nthiti imapola, koma wopita kumanda sabwerako. Lamulo la ntchito yathu linali lakuti ukayamba susiya mpaka dokotala akulandire.

Kenaka ndinagwiranso pakhosi, ndipo pansi pa zala zanga china chake chinagunda. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndinakuwa kuti munthu wabwerera.

Abiti Saidi anagwada n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso. Masowo sankaphethira. Anandigwira mkono.

"Basi, achimwene, mwayesetsa. Musiyeni akamusambitse dzuwa lisanalowe."

Sindinamvere. Ndinamukweza mu ambulansi n'kudinikiza njira yonse, mayi uja akulira pambali panga, akundipempha kuti ndisamuthyolenso. Kuchipatala dokotala anangomuunika m'maso n'kumufunditsa nsalu. Anati munthuyu anapita kale ine ndisanafike, ndipo chimene ndinamva chinali magazi anga omwe, akugunda m'zala chifukwa cha kutopa.

Anamuika tsiku lomwelo, nthiti zitatu zothyoka ndi manja anga. Abiti Saidi sanandipatsenso moni mpaka anabwerera kwawo ku Mangochi, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Dokotala anene zake, iye kunalibe. Mtima uja unagunda katatu, ndikulumbira. Kungoti kuyambira tsiku limenelo, ndikagwira khosi la munthu n'kumva kugunda, ndimayamba ndadzifunsa kuti mtima ukugundawo ndi wa ndani.