Diresi la Dona pa Phiri la Mulanje

Kuno ku Likhubula palibe amene amanditchula dzina langa lenileni, ndipo ndatopa nako kufotokoza chifukwa chake. Mumve kamodzi kano, musadzandifunsenso.

Chaka chimenecho ndinali nditafunsira mbeta, ndipo bambo ake a mtsikanayo anali kapitawo wa amtengatenga. Ananditenga kuti tikakweze kuphiri katundu wa mzungu wina ndi dona wake, ati aone ngati ndingathe kusunga mwana wawo. Dzuwa linali likuswa mtengo.

"Mutenge chofunda, bambo," anatero apongoziwo. "Mzunguyu akuti phirili n'lotentha ndiponso n'lozizira tsiku lomwelo. Sakunama."

Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinaseka. Chinthu chimodzi chitenthe, chizizirenso? Zachizungu izo! Ndinanyamuka ndi kansalu ka m'chiuno basi, chifuwa pamtunda, kuti akuluwo aone minofu (phirilo ndinali ndisanakwerepo chibadwire).

Pokwera, thukuta linali kamukamu. Koma titangofika pamwamba masana, kunagwa chiperoni, nkhungu yoti mnzako wapatsogolo osamuona. Kalanga ine! Mano anayamba kugundana, zala osapindika. Ndinatsalira m'mbuyo mwadala, n'kutula dengu limene ndinasenza, n'kusuzumiramo. Pamwamba penipeni panali chinsalu choyera, chokhuthala bwino. Ndinadziuza kuti n'choyala patebulo (mikono yake ndinaiona, ndisaname). Ndinalowamo, n'kusenzanso dengu langa. Kufunda kwake, abale inu! Ndinati ndivula nkhungu isanathe.

Nkhungu ya kumeneko sitsanzika. Inangoyalula kamodzi, dzuwa n'kuwala ngati kuchigwa, ndipo ndinapezeka nditaima pamaso pa gulu lonse likupuma pathanthwe. Dona uja anakuwa. Mzungu anafiira mpaka m'makutu. Amtengatenga anzanga ankagubuduzika ndi phwete.

Apongozi okha sanaseke. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mwayenda bwanji, adona?"

Ntchito inathera pomwepo. Titatsika, ndinatuma amalume kuti akamve za ukwati uja. Anabwerako asanakhale n'komwe pansi. Akuti kapitawo anangoti, "Pakhomo pano akazi alipo okwanira."

Chiyambire tsiku limenelo, chofunda sindisiyana nacho, ngakhale popita kudimba dzuwa lili pamutu. Anthu amasekanso zimenezo, ati Adona avala chiyani lero.