Tabuleti Inakana Mwana wa Siteliya

Usiku wathawu ndalota maloto, anzanga, ndipo musandiseke mpaka ndimalize. Felesiya, siya kaye kugogoda ayisi ameneyo, katemera sanatuluke m'firiji, nthawi ilipo.

Amene simunamve za dzulo, zinali chonchi. Ndinafika kwa Siteliya kutsidya kwa dambo, uja wachira posachedwapa. Mwana adakali m'chikuta, mchombo sunagwe, ndiye dzina alibe. Odzamutcha dzina ndi azakhali a bambo ake, ndipo anapita kumaliro ku Mozambiki, mpaka pano zii. Ine ndatsegula tabuleti yathu yatsopanoyi kuti ndimulembe ndisanamudonthezere katemera wa poliyo, iyo basi yaima pamalo olemba dzina, osasuntha. Ndaimbira bwana wathu a Thindwa, iwo akuti dontho lililonse lizioneka mu sisitemu, dontho losalembedwa ndiye kuti ndamwa ndine. Ndinabwerako mwana asanalandire, ndipo lero ndi tsiku lomaliza la kampeni. Zinandiwawa, ndinagona nazo pamtima.

Ndiye kutuloko ndikuona ndili pa njinga, mwana wa Siteliya ndamubereka kumbuyo, bokosi la katemera lili pakaliyala, tabuleti m'thumba la yunifolomu. Kuti mwana wa m'chikuta watuluka bwanji, sindinafunse. Ndikupalasa choncho, mwadzidzidzi bokosi latsokomola.

"Asisi, palasani ndithu. Ayisi wanga wayamba kutuluka thukuta."

Ndati, "Iwe, unayamba liti kuyankhula?"

"Kalekale. Kungoti mumanditseka pakamwa."

Ndiye tabuleti nayo yayamba m'thumba, mawu ake osalala ngati a mtsikana uja amatiuza kuti foni yomwe mwaimba ndi yozimitsa. "Pepani. Lembani dzina la mwana." Ndati alibe, mchombo sunagwe. "Pepani. Lembani dzina la mwana." Ndati kodi unaleredwa kuti iwe, kwanu ana amabadwa ndi mayina pachipumi? Yati, "Pepani," basi yazima nkhope.

Ndiye ndaganiza zoti nkhaniyi ndikaitule kuboma, koma kuti ifike kuboma pafunika netiweki, ndipo netiweki kwathu kuno mukudziwa kumene imakhala, pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Ndafika pa chulu, ndamupeza Netiweki mwini wake ali pamwamba, akubzikula. Ndi tonde, anzanga, wa ndevu zake, koma nyanga zinayi zotalika mosiyana ngati timizere ta pa foni tija. Ndikakwera phazi limodzi, nyanga imodzi yalowa. Ndikabwerera m'mbuyo, yatulukanso. Ndavula nsapato, ndawerama, ndaomba m'manja.

"Zikomo a Netiweki, tili ndi nkhani ya kuboma."

"Imani ndi mwendo umodzi," watero tonde. Ndaima. "Kwezani dzanja." Ndakweza. "Yang'anani kumene kumachokera mvula. Eya, pomwepo. Musapume. Kwerani."

Ndakwera pamsana pake ine, mwana, bokosi, ndi njinga yomwe. Fungo lake musanene. Ndamufunsa ngati angandinenereko mawu abwino kuboma, iye akuti, "Ine ndimangonyamula, sindiwerenga." Tadutsa pamwamba pa minda ya fodya, pakati pa ulendo wagona kaye tulo m'malere, ife tili lende, kenako wadzidzimuka ndi kupitiriza osapepesa.

Mwadzidzidzi ndili mu ofesi ya a Thindwa. Akhala pampando wawo, tayi ili m'khosi, laputopu patsogolo. Ndikuwapatsa moni, ndikuona diso lawo limodzi likundiyang'ana ine, linalo latembenukira pa laputopu palokha. Ndiye zala zagwirana ziwiriziwiri, mchira wapindika kuseri kwa mpando, basi a Thindwa ndi birimankhwe. Tayi sanavule. Ine ndinangoti mumtima, ndimakayikira kale.

Pakhoma panali mapu a boma lathu, owala, obiriwira, ndipo iwonso anali obiriwira chimodzimodzi.

"Mayi Esinati," atero, dzanja likupita pa laputopu, kubwerera, kupitanso, osafika. "Boma lathu lili pa girini. Mwana ameneyu mukamulowetsa kuti sanalandire, tifiira." Pomwepo afiira mpaka kumchira. "Mukamupatsa osamulemba, madontho sagwirizana ndi ana, tichita chikasu." Achita chikasu. "Koma mukangomusiya, palibe vuto, chifukwa mu sisitemu mulibe mwana." Abiriwiranso, apuma.

Mwana kumbuyo kwanga wayetsemula.

"Ndani wayetsemulayo?"

"Ndi mwanayo, bwana."

"Dzina?"

"Alibe."

"Ndiye palibe wayetsemula."

Bokosi lati, "Asisi, madzi afika m'mabondo muno." Ndati bwana, ndithandizeni, katemera akutentha. Iwo akuti nkhani zotere ndi za kulikulu, ndiye atulutsa lilime lalitali, latinyamula tonse, latiponya pawindo.

Ndiye tagwera m'chipinda chachikulu ngati tchalitchi, matebulo mizeremizere, pa tebulo lililonse mayi kapena bambo wa baji pachifuwa akutayipa. Ndikuyandikira, ndikuona sakutayipa ndi zala, akujompha. Nkhuku zokhazokha, anzanga, jo jo jo pa makompyuta, mabaji ali lende. Thadzi lina la magalasi landilandira bwino kwambiri, landipatsa mpando, landionetsa khoma.

Apa ndisaname, zinali zokongola. Dziko lonse lili pakhomapo, ndipo mwana aliyense akalandira madontho ake, kagetsi kamayaka. Ndikuona timagetsi tikubuka kumpoto, kumwera, m'mapiri, m'zilumba. Firiji ina kutali uko yatumiza uthenga kuti yatentha, thadzi lajompha kamodzi, galimoto yanyamuka. Kwina katemera watsala pang'ono kutha, lajompha kawiri, mabokosi akwera lole. Ndayang'ana kwathu, ndaona timagetsi ta ana anga onse omwe ndayenda nawo sabata ino, mpaka ka mwana wolumaluma wa kwa a Gomiwa kali ngwee. Ndinanyada, misozi inalengeza. Koma kutsidya kwa dambo kunali kamdima kakang'ono ngati kambewu ka mpiru.

Ndati, "Apo, mayi. Mwana wake ndi uyu ndabereka."

Thadzi lapendeka mutu, layang'ana mwana ndi diso limodzi, lati, "Wonenepa bwino. Dzina?" Nditafotokoza za azakhali ndi maliro a ku Mozambiki, lati, "Mukaonane ndi a Seva, osunga mayina onse. Koma muvale juzi."

A Seva amakhala m'chipinda chozizira kuposa firiji yathuyi. Ndi chikabati chachitali chakuda, maso ambirimbiri obiriwira akuphethira, afunda bulangete, akung'ung'udza okha. Ndagwada. Ndati, agogo, ndaganiza nzeru: bwanji ndingolemba kuti Khanda, dzina lenileni tidzakonza azakhali akabwera?

A Seva ausa moyo, chipinda chonse chazizirirapo. "Mwana wanga, nzeru imeneyo anzako anaiganiza kale m'maboma onse. Aliyense Khanda, Khanda, Khanda. Ine ndinaona kuti ndi munthu mmodzi, ndiye ndinawaphatikiza. Suyo ali apoyo."

Ndacheuka. Pakona pakhala chimwana chachikulu ngati nkhokwe, thewera la tenti, ndevu zayamba kumera, zala zonse zakuda ndi inki yathu ija timapaka pa kachala mwana akalandira, mpaka zala za kumapazi. Chikuyamwa chala chachikulu, chikundiyang'ana mwaulemu.

"Ameneyu walandira katemera kuposa munthu aliyense chilengedwere dziko," atero a Seva. "Ukalemba Khanda, ndikuuza kuti analandira kale."

"Nanga ndimutche ndekha dzina?"

Tabuleti yadzuka m'thumba, yati, "Lembani dzina la mwana," mokondwa. Chala changa chafika pagalasi. Koma anzanga, ine ndine ndani kwa Siteliya? Mwana wa eni, ndimutche ine dzina pa tabuleti, azakhali akadzabwera adzapeze dziko lonse likumuitana kale ndi dzina la mlendo? Pamudzi paja sindingadzapondeponso, ndipo zitseko zomwe amanditsegulira lero adzanditsekera ndi ana omwe. Chala chakana. Ndatuluka.

Ndiye ndili panja pa benchi, dzuwa lili pamutu, njinga yapita kukamwa madzi. Bokosi silikuyankhulanso bwinobwino, likungoti, "Asisi... asisi..." Ndatopa, msana ukuwawa, ndamumasula mwana ndamuika pamiyendo. Mwadzidzidzi pambali panga pakhala bambo wina wachikulire, jekete yotuwa yochapa bwino, chipewa m'manja, nkhope yofatsa ngati mkulu wa mpingo. Sanasanduke nyama iliyonse ameneyu. Anangokhala munthu.

"Mwayenda, mayi," atero. "Ndakuonani kuyambira kudambo. Bweretsani mwanayo ndikugwirireniko, mupume."

Ndati zikomo bambo, koma mwana ameneyu maofesi onse amukana, alibe dzina.

"Aa, zimenezo ndi za iwo. Ine sindifunsa dzina."

"Simulemba?"

"Sindinalembepo chiyambire. Ndilibe tabuleti, ndilibe netiweki, koma palibe mudzi umene ndinasochera." Akuyankhula choncho, dzanja lawo lafika pa kamwendo ka mwana, akukasisita pang'onopang'ono, kuyambira pabondo kutsikira kuphazi. "Timiyendo tabwino. Tikanathamanga."

Ndati, "Bambo, ndinu ndani?"

"Mwandinyamulira mankhwala ondithamangitsa ulendo wonsewu, mayi, ndiye mukundifunsanso? Ndine Poliyo. Musavutike, ndidikira kampeni ithe. Ndi lero, eti?"

Mayo ine! Ndamukwatula mwana, ndakankha bokosi ndi phazi, chivundikiro chagwa, ndapisa dzanja m'madzi ofunda, ndapeza kabotolo kamodzi kadakali kozizira. Tabuleti ikukuwa, "Pepani! Pepani! Lembani dzina!" A Thindwa atulukira pawindo akusinthasintha mitundu yonse, nkhuku zikutetera, bambo aja angokhala phee, chipewa pabondo, akumwetulira. Ndamutsegula mwana kukamwa, ndafinya. Dontho latuluka, koma anzanga, silikugwa. Laima m'malere pakati pa botolo ndi lilime la mwana, likungozungulira ngati kaja kamazungulira pa tabuleti netiweki ikavuta. Ndikufinya, ndikulira, ndikulipempha kuti igwa, igwa, ndipo bambo aja aimirira, avala chipewa, ayamba kubwera.

Fwii, fwii, fwii.

Ndatsegula maso, kunja kwayera. Ndi amuna anga, bambo a Lonjezo, pakhonde, akupopa tayala la njinga yanga. Ndatuluka chitenje chili m'manja, iwo osadzutsa n'komwe mutu, akungopopa.

"Lero muyambira mudzi uti?"

Ndati, "Kwa Siteliya."

"Azakhali aja abwera? Dzina lapezeka?"

Ndati, "Dzina alibe. Pakamwa ali napo."