Chimphuno cha Galimoto ya Apongozi

Ine ndine woseka, ine ndine woimba, komboni yonse ya Libuyu imandidziwa. Koma tsiku lija, anzanga, nyimbo inatuluka ndi mantha, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi apongozi pakhomo ndimawerenga zala za kumapazi kwanga.

Ndimakhala kwa mwana wanga Tisa, amene amagwira ntchito ku hotela. Mwamuna wake, apongozi angawo, atate a mdzukulu wanga Chipo, ndi makaniko, munthu wofatsa, wobadwira mtauni muno. Kwathu ku Katete mkamwini sitiyankhula naye maso ndi maso. Mawu anga amadzera mwa Tisa, awo amadzera mwa Tisa. Zaka zisanu takhala choncho, mwamtendere, mwaulemu, eee.

Apongoziwo ali ndi chigalimoto chakale cha ku America, chofiira, chachitali ngati bwato, zitseko ziwiri zokha. Anachipeza ku famu chitafa, ndiye akhala akuchidzutsa pang'onopang'ono. Chinatsala n'chimphuno cha pa boneti, popumira injini. Mmenemo mumakhala kachitseko, kasipuling'i, kawaya ndi labala wozungulira. Tizitsulo timeneti anatidikira miyezi kuchokera kunja, ndipo masikuluwu ankawatsuka ndi mswachi (mano awo sindidziwa ngati amawasamala chonchi).

Tisa anandichenjeza. "Amama, m'nyumba muno gwirani zonse, koma motoka ija musakhudze. Angakhululuke mutawotcha nyumba, osati ija."

Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo, apongozi anachotsa kachitseko kaja kukakapaka penti, n'kusiya bowo lili yasaa. Ndikusesa, ndinaona buluzi akulowamo. Kenako mavu awiri akuzungulira, akuyeza pomanga. Mtima unandiwawa. Munthu wavutika chonchi, mavu adzamange mudzi m'mphuno? Ndinatola chimene chinali pafupi, pitikoti yanga yakale ya pinki, ya malesi m'munsi, yomwe ndinkafuna kuisandutsa chopukutira. Ndinaikankhira mkati ndi mpini wa tsache, mkati, mkatikati. Ndinati madzulo ndichotsa.

Madzulo ndinapita ku kwaya. Pobwera, kachitseko kamangidwa kale, kakuwala, masikuluwu athina.

Mayo ine! Lachitatu ndinayesa ndi mpeni wa kukhitchini, mpeni unapindika. Lachinayi ndinati ndimuuze Tisa, koma ndinabwerera panjira. Ndinkangodziona ndili pa basi ya ku Katete, chikwama pamwendo, adzukulu akundibayibitsa. Nkhalamba yowononga chuma cha mkamwini amaisunga ndani?

Loweruka ndinali ndi ulendo wa kumudzi wa Mukuni kukaona mnzanga wa kutchalitchi amene ankadwala. Tisa akuthamangira kuntchito anati, "Atate a Chipo akuperekezani. Afuna kuyesa motoka."

"Ayi mwanawe, ndikwera minibasi."

"Amama, munthu woyamba kukwera asankha inu. Mukane?"

Ndinakwera, kumbuyo, ngati mbuzi yopita kumaliro.

Mumsewu wa Mosi-oa-Tunya tinkayenda pang'ono, injini ikuguguda bwinobwino, anthu akuimba mluzu. Wa takisi wina anakuwa, "Ba bosi, iyo ni motoka olo ni ndeke youluka?" Ndinayamba kulimba mtima. Mwina pitikoti yagona tulo.

Titatuluka mtauni, patchire, apongozi anauza chiwongolero (ine sakanandiuza), "Manje tione ngati kachitseko kazaseguka." Anaponda moto. Kachitseko phaa! Galimoto inabangula, ine msana unamatira kumpando. Kenako fyuu, ngati munthu wameza ntchentche. Inatsokomola kawiri, utsi wakuda, n'kuzima. Zii.

Ndiye tchire linayamba kuyenda.

Njovu, anzanga. Osati za pa kalendala. Yaikulu patsogolo, kamwana m'miyendo, zina zikuthyola nthambi m'mbuyo. Yaikuluyo inaima pamsewu, n'kutambasula makutu ngati malata.

Apongozi anapotoza kiyi. Nyenyenye. Anapotozanso. Nyenyenye. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo.

"Mafuta alimo," ankanong'oneza chiwongolero. "Batire ni yatsopano. Nanga ni chani, Mulungu wanga? Ni chani?"

Ine ndikudziwa. Ine ndekha padziko lonse ndikudziwa. Koma ndiyambira pati? Kuyankhula ndi mkamwini, choyamba. Kumutchulira chovala chamkati, chachiwiri. Ndinaganiza kuti bola njovu itiponde, anthu adzati nkhalamba inafa ndi ulemu wake. Koma ndinakumbukira Chipo, kukhala wopanda atate chifukwa cha pitikoti.

Kwathu mkazi akakhala ndi mawu osanenedwa amawaimbira pamtondo, mwini nkhani n'kumva yekha. Ndinatseka maso, n'kuyamba chapansipansi:

"Galimoto iwe, lavula,
lavula chimene ndinakudyetsa,
Lachiwiri masana ndi mpini wa tsache,
m'mphuno mwako, mayo ine, m'mphuno mwako."

Kiyi anasiya kulira. Ndinatsegula diso limodzi, ndinapeza maso a apongozi pa kagalasi. Tonse tinathawitsa maso.

"Ba mbuya ba Chipo," anatero, akuyang'ana kutsogolo, "iyo nyimbo ili na vesi inangu?"

"Ndi nsalu, ndi nsalu,
usandifunse mtundu."

Pamenepo njovu inali itafika. Inaika chitamba pa boneti, n'kununkhiza chimphuno chija, fuu, fuu, fumbi n'kuuluka. Galimoto inatsika mbali imodzi. Zina zimene zinachitika pampando wakumbuyo zikhale pakati pa ine ndi Mlengi. Inanunkhiza, inapukusa mutu, n'kuwoloka ndi banja lake mosafulumira.

Tinadikira mpaka nthambi zitasiya kuthyoka. Apongozi anatuluka monyang'ama, anatsegula boneti, n'kupisa dzanja. Anakoka. Pinki. Anakokanso. Malesi. Inatuluka yonse, yakuda mbali imodzi, ili lende pa zala ziwiri, iwo akuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Nthawi yomweyo panaima galimoto ya alendo oona nyama. Njovu anazichedwerera, ndiye anajambula apongozi.

Anaipinda bwinobwino, kanayi, n'kuiika pampando pafupi nane osatembenuka. Kiyi kamodzi, galimoto inabangula. Ku Mukuni tinafika, tinabwerako.

Kunyumba ndinalowa kuchipinda, ndinalongedza chikwama, n'kukhala pabedi kudikira chiweruzo. Tisa atabwera ndinamva akunong'onezana ndi apongozi kukhitchini. Kenako Tisa analowa, akudzigwira m'mimba, misozi ili mbwee chifukwa cha kuseka.

"Amama, masulani chikwama."

"Akuti chiyani?"

"Akuti simupita kulikonse. Akuti popanda nyimbo ija akanaphwasula injini yonse njovu zikuonerera. Koma apempha chinthu chimodzi. Mukaona bowo, muziimba kaye musanatseke."

Ndinavina, anzanga, ndinavina mpaka bedi linalira. Ndinalonjeza, ndipo lonjezo ndikusunga. Koma paipi ya utsi kumbuyo kwa galimoto ija sinandisangalatse, ili pululu usana wonse, ana akuponyamo timiyala. Lero m'mawa ndaimba kawiri pansi pa zenera lawo, mokweza, mawu onse omveka. Sanayankhe. Mbali yanga ndachita. Sokosi yotsekera ndi iyi.