Shapu wa Yohane pa Tsiku Lokaonekera

Amene anandilakwira ndi msuweni wanga Yohane, uja amagulitsa mafoni akale ku Njewa, ndipo anandilakwira pondiphunzitsa Chingerezi. Liwu limodzi lokha, koma linandikwana.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6 (aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti tisamaonanenso). Ndiye nditamva kuti amalume ake a Esinati, mtsikana amene ndikufuna kukwatira ku Kabudula, ndi aMbewe, mphunzitsi wopuma pantchito, ndinadziwa kuti pafunika Chizungu. Ndinathamangira kwa Yohane, wophunzira wathu wa Folomu 4 (za mayeso ake sitifunsa).

"Iwe usavutike," anatero. "Gwira liwu limodzi, shapu. Akakupatsa moni, shapu. Mpeni wakuthwa ndi shapu, munthu wochenjera ndi shapu, wotchena ndi shapu, potsanzikanso shapu. Mdalayo akangomva adziwa kuti wapeza mkamwini wotsogola."

Ndinayeserera sabata yathunthu. Ngakhale mbuzi zakwathu ku Nsaru zinalandira shapu wake.

Tsiku lokaonekera linakwana. Tinapita panjinga imodzi ndi amalume anga, omwe ndi ankhoswe. Anatiyalira mphasa patsinde pa mango, azimayi atakhala chapatali, Esinati akusuzumira kuseri kwa nkhokwe. AMbewe atatipatsa moni anati, "Malonje timve kwa mwiniwake, tione ngati ali ndi pakamwa."

Malonje mukuwadziwa inu. Umayamba ndi mmene mwadzukira, ndani akutsokomola, fodya wafika pati, mwadzera njira iti. Ine ndinangokweza chala chachikulu.

"Shapu."

Amalume anga anatsokomola. Ndinkayesa ndi fumbi.

"Makolo ali bwanji kumudzi?"

"Ali shapu."

"Nanga inu bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Yashapu."

Apa ndinaona azimayi akubisa nkhope m'zitenje, ine mumtima n'kuti eya, Chizungu chagwira. Mutu unakula. Ndiye aMbewe atayamba malonje awo sindinamvetsere n'komwe. Maso anali kunkhokwe, khutu likungodikira pomwe apumire kuti ndiponyepo lina. Anapumira. Ndinaponya mokweza, zala zonse ziwiri m'mwamba.

"Shapu kwambiri!"

Ndi nkhuku zomwe zinaleka kupalasa.

Pomwe aMbewe anapumirapo, abale anga, anali atangonena kumene kuti achimwene awo a ku Nambuma anawaika m'manda mwezi wathawu (Esinati anali atandiuza, koma m'mutu munalibenso malo).

AMbewe anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Kenako anandilankhula m'Chingerezi chenicheni, chachitali ngati msewu wa ku Mchinji. Sindinatolepo ngakhale kamodzi. Anamalizira m'Chichewa, akuyang'ana amalume anga.

"Mwanayu mukamuphunzitse kunena pepani. Akadziwa, mubwere naye, tambala ali m'manja. Akalephera, musadandaule, Esinati sanakalambe."

Pobwerera amalume sanandikweze. Ndinayenda wapansi, iwo akupalasa njinga pang'onopang'ono pambali panga kuti mawu awo asandiphonye. Anayambira pa tsiku lomwe ndinabadwa.

Munthu wina akanaphunzirapo kudzichepetsa, kapena kutseka pakamwa. Ine kutangocha ndinakwera minibasi ya ku Njewa. Ndinapeza nkhani itanditsogolera kale, Yohane ali pakhonde akuseka mpaka kugwira nthiti.

"Msuweni, ndamva kuti unawakhaulitsa aphunzitsi! Ndinati liwu limodzi, sindinati ulithire ngati mchere."

Sindinamumenye (mundiyamikire, manja ankayabwa). Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, n'kumbwandira tambala wake wofiira, yemwe amamudyetsa ngati mwana wobadwa yekha, n'kumupanira m'khwapa. Kuseka kunathera pomwepo.

"Iwe! Tambala wanga ukupita naye kuti?"

"Akukapepesa maliro ku Kabudula. Iwe ndiwe wophunzira, eti? Ukamufuna, ukamupemphe wekha kwa aMbewe m'Chizungu."