Ndinafunsira Mbeta Ndili M'manda

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo. Koma poti a Yusufu aifalitsa kale Doha yense, n'kuthiramo ndi mchere wawo, bola muimve kwa mwini wake. Sekani, ndakulolani. Ine manyazi anandithera tsiku lomwelo.

Dzina langa ndine Limbani, kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndine driver wa banja lina ku Al Hilal, kuno ku Doha. Ndiye kunali Tiyamike, mtsikana wa ku Ntcheu amene amagwira pa reception ya hotela ina ku The Pearl. Abale inu, mtsikana ameneyo akaseka, ine ndimaiwala ndi PIN ya foni yanga yomwe. Tinali titacheza kwa nthawi ndithu, mphete nditagula kale, koma kumufunsira ndinkangozengereza.

Amene anandipatsa nzeru ndi a Yusufu, mkulu wa ku Mangochi, mlonda ku maflat a ku Onaiza.

"Mphwanga, atsikana a masiku ano safunsiridwa pa bus stop," anatero. "Mutengere malo abwino, umupange surprise. Ine ndibwera ngati mboni, camera ndigwira ndine."

Lachisanu lina m'nyengo yozizira tonse tinali off. Bwana anandibwereka galimoto ndi mtima umodzi. Ndinavala kanzu yoyera mbee, mkanjo wachiluya umene anandipatsa pa Eid, perfume mpaka ntchentche kukomoka. Tinagula mpunga wa nkhuku, keke, tiyi wa karak m'flask, yalla, tiyeni, ulendo wa kuchipululu!

Titasiya tauni kutali, tinaona kaphiri ka miyala. Ine mwana wa ku Dedza ndikaona phiri mtima umadumpha, ngakhale kuti limenelo kwathu tingalitche chulu. Tinaimika galimoto pansi n'kukwera.

Pamwamba tinapeza mulu wa miyala wozungulira bwinobwino. Pakati pake panali dzenje, m'mbali mwake atamangamo miyala yaphanthiphanthi, ngati kachipinda kopanda denga. Pambali panali mwala waukulu wosalala.

Tiyamike anaima chilili.

"A Limbani, malo ano akundichititsa nthumanzi. Si manda awa?"

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Manda? Manda opanda mtengo ngakhale umodzi? Inu, kwathu manda umawadziwira patali. Msitu wa bii, mbalame zikulira, ndi mwana yemwe amadziwa kuti uko salozako chala. Ndipo ndani angasenze maliro kukwera nawo phiri?"

"Nanga n'chiyani?"

"Apa Aluya amabisalapo mphepo akamamwa tiyi. Ine dziko lino ndaliyenda, ndikulidziwa ngati m'thumba mwangamu."

Bodza lenileni. Dziko limene ndimalidziwa ine ndi la pakati pa sukulu ya ana a bwana ndi saloon ya madam.

A Yusufu anakanda ndevu. "Driver ndiwe, ukudziwa ndiwe."

Tinayala chakudya pa mwala wosalala uja. Ine n'kumaumenyamenya monyadira: "Taonani table ya ulere!" Tinadya, tinamwa karak, mafupa ndikuponya uku ndi uku ngati ndili pakhomo pa amayi anga.

Kenako ndinawatsinzinira a Yusufu. Plan inali yoti amutenge Tiyamike atsike naye kugalimoto, ati kukatenga keke. Pobwera apeze ine kulibe. Akamandifunafuna, ine nditulukire m'dzenje muja, mphete m'manja, camera ikujambula.

Atangotsika, ndinalowa. Munali mothina, moti ndinagona cham'mbali, mawondo nditapinda mpaka pachibwano. Koma kukwanamo kwake! Ngati anachita kundiyeza. Ndinayamikira Aluya mumtima kuti anthu amenewa amadziwa kumanga.

Mphepo inali kuwomba, fumbi likundithira kumaso. Ine phee, ndikubwereza mawu anga. Ndinali nditawakonza m'Chingerezi, poti surprise ya m'Chichewa ndinkaona ngati siikoma.

Posakhalitsa ndinamva mapazi. Tswa, tswa, tswa. Chithunzithunzi cha munthu chinagwera m'dzenjemo. Ndinati nthawi yake ndi ino, mwana wa ku Dedza, usachititse manyazi mtundu!

Ndinavumbuluka, kanzu ili yoyera, nkhope yotuwa ndi fumbi, mkono nditatambasula.

"My darling, I have waited for you so long! Come and stay with me forever!"

Sanali Tiyamike.

Anali mayi wachizungu wokalamba, chipewa chachikulu kumutu, camera pakhosi. Mayiwo anakuwa mawu amene sindinawamvepo ngakhale kwa ngamila. Chipewa uko, camera uko, iwo liwiro! Kumbuyo kwawo kunali gulu lonse la matourist, limene linakwera kuchokera mbali ina ya phiri. Onse balala! Bambo wina wamimba anakhala pansi osafuna. Mnyamata wachiluya amene ankawatsogolera anabwerera chafutambuyo akunena mapemphero mothamanga.

Ine ndili chiimire m'dzenje, mphete ili m'mwamba.

Mnyamata uja ataona kuti mzukwa wavala wotchi, analimba mtima n'kuyandikira.

"Habibi, m'bale wanga, ukutani mmenemo?"

"Ndikubisala mphepo, bwana. Ngati mmene mumachitira pomwa tiyi."

"Tiyi? Wallahi, awa ndi manda!"

Anafotokoza kuti anthu akalekale, zaka zikwizikwi zapitazo, ankaika akufa awo pamwamba pa timapiri ngati aka, n'kuunjikapo miyala. Mwala umene tinadyerapo uja unali chivundikiro chake.

"Ndipo ankawagoneka cham'mbali," anatero, "mawondo atawapinda mpaka pachibwano."

Mayo ine! Ndinatuluka m'dzenjemo osadziwa kuti ndatuluka bwanji. Kwathu munthu wolowa m'manda yekha, n'kudyerako nyama, ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo si driver.

Potembenuka ndinaona Tiyamike ataima poteropo, keke m'manja. Anaona zonse. Pambali pake a Yusufu, camera ili m'mwamba, mapewa akugwedezeka. Mboni yanga sinaphonye kanthu.

Mnyamata uja anayamba kunena zoti malowa ndi otetezedwa, ndipo akhoza kuimbira apolisi. Koma ine apolisi sindinkawaopa panthawiyo. Ndinkaopa mwini nyumba. Ndinagwada pafupi ndi dzenje, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu ngati mkamwini.

"Pepani eni malo! Ndalowa osaodira. Ndine mlendo, mwana wa ku Dedza, sindinadziwe kuti kuno mumagona popanda mitengo. Musanditsatire ku Al Hilal, chipinda changa n'chaching'ono!"

Matourist anabwerera mmodzimmodzi n'kuyamba kundijambula, poganiza kuti mwina ndi mbali ya programme. A Yusufu anakhala pansi, misozi ili chuchuchu ndi phwete.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wachizungu uja. Atatola chipewa chawo, anafunsa chimene chinachitika. A Yusufu anafotokoza m'Chingerezi chawo cha pageti, akuloza ine, mphete ndi Tiyamike. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati chimwalirireni amuna awo palibe amene anawafunsirapo, ndiye ine ndisamangidwe, ndawakumbutsa utsikana.

"Khalas, basi zatha," anatero wotsogolera uja. "Tolani zinyalala zanu muzipita."

Ndinatola fupa lililonse la nkhuku, ndikupemphera kuti onse akhaledi a nkhuku.

Potsika phiri Tiyamike anatsogola osacheuka. Ine mtima unali utasweka. Ndinkadziwa kuti zanga zada. Mtsikana wanzeru zake angalole munthu amene wamudyetsera pamanda, n'kufunsira gogo wachizungu iye akuona?

Titafika pagalimoto anatenga botolo la madzi.

"Tambasulani manja. Kwathu pochokera kumanda timasamba."

Ananditsirira. Ndinasamba m'manja, kumaso, ndi kumapazi komwe, maso ali pansi ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Kenako ndinaona dzanja lake lamanzere lili patsogolo panga, zala atazitambasula.

"Bweretsani mphete ija musanaipereke kwa agogo ena."

"Mwati bwanji?"

"Mwagontha? Kapena makutu mwawasiya m'dzenje muja?"

"Ndiye kuti mwandilola?"

Apa m'pamene anaphulika nako kuseka kumene ankakubisa kuchokera pamwamba paja.

"Ndakulolani, a Limbani. Amuna ena amangolonjeza pakamwa kuti adzakukonda mpaka kumanda. Inu ndakuonani ndi maso angawa mukufunsira muli momwemo!"

Ndinavina, abale! Ndinavina pamchenga ndi kanzu yanga yafumbi, a Yusufu akuimba nthungululu ngati ntchembere, matourist akuwomba m'manja pamwamba pa phiri. Chimwemwe chake sindinachimvepo chibadwire.

Ndikumuveka mphete, Tiyamike ananong'ona:

"Koma chinthu chimodzi, bambo. Nyumba yokhalamo ndidzasankha ine."

Ndiye anzanga a pa ulendo, dzenje likakukwanani ndendende musathamangire kuyamikira mmisiri, yambani mwafunsa kuti anayeza ndani.