Tsiku Lomwe Ndinatsakamira M'chipaipi cha Ana

Pali nkhani zina zomwe munthu umalakalaka zitaiwalika, koma anthu a m'dera lako sakulola. Iyi ndi imodzi mwa nkhani zotero. Popeza kuno ku Area 23 aliyense akuifotokoza m'njira yakeyake (ena akuti kunabwera ozimitsa moto, lomwe ndi bodza), ndaona kuti kuli bwino muimve kuchokera kwa mwini wake.

Ife mwana tili naye mmodzi, Tadala. Chaka chatha anakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Tsiku lomwe zotsatira zinatuluka, chimwemwe chinandikwera m'mutu, ndiye ndinamuuza kuti atchule chilichonse chomwe akufuna. Mwanayu si wovuta. Anangoti sanasambirepo m'damu la pahotela ngati momwe anzake amafotokozera, ndipo angakonde atapitako kamodzi sukulu isanatsegulire.

"Kamodzi kokha ayi," ndinatero ine. "Tikagona konko wikendi yonse. Malo a zoseweretsa zonse, osati kadamu chabe."

Mayi a Tadala anali kale ndi ganizo. Anati mnzawo wa kuntchito anapitapo ndi ana ake pamalo ena m'tauni momwemuno, osatalikira, ndipo anabwerako akuyamikira. Ine ndinakana. Malo omwe aliyense wafikapo kale ndi malo ngati? Ndinkafuna kuti mwana wanga akafika kusukulu akafotokoze zinthu zoti anzake atsegule pakamwa. Kunena zoona, ndinkafunanso kuti apongozi anga aone mtundu wa mwamuna yemwe mwana wawo anakwatiwa naye. Iwo anali atabwera kuchokera ku Rumphi kudzatsanzikana ndi mdzukulu wawo. Ndi mayi wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo kwawoko, ndipo ine ndi iwo timalemekezana kwambiri. Zaka zonsezi anali asanandionepo ngakhale nditavala kabudula.

Ndinayamba kusakasaka pafoni. Malo ena ndinawakana chifukwa zithunzi zake zinali zochepa, ena chifukwa dzina lake silinkamveka bwino pakamwa (mukuona nokha mmene ndinkasankhira). Kenako ndinapeza omwe mtima wanga unagwera. Dzina sinditchula, koma ali kunja kwa mzinda, kupitirira ku Chigwirizano. Zithunzi zake zinali zoti ukaziona umaiwala kuti uli ku Malawi: damu la madzi oyera mbee, kasitima konyamula ana, chinyumba chopopa mpweya chija ana amadumphamo, nyama zitaimirira pakapinga, komanso chipaipi chachikulu chabuluu chotsetserekeramo, chokhotakhota, chokathera m'madzi.

"Bambo a Tadala, bwanji mupiteko kaye mukaone ndi maso?" anatero mayi a kunyumba.

"Zithunzi izi si maso?" ndinayankha.

"Imbani foni bwanji."

Ndinaimba, iwo ali pompo, kuti amve okha. Anayankha bambo wina waulemu kwambiri yemwe anati ndiye manijala.

"Damu losambiramo lilipo?"

"Lilipo, bwana."

"Nanga kasitima ka ana kaja?"

"Kalipo, bwana."

"Nyama?"

"Ziliponso, bwana. Mbidzi, nyamalikiti, zonse."

Ndinadula foni n'kuwayang'ana mayi a Tadala ngati munthu amene wapambana mlandu. Tsiku lomwelo ndinalipiriratu zipinda ziwiri. Ndiyenera kunena pano kuti bambo uja sanandinamize ngakhale pang'ono. Chilichonse chomwe ndinafunsa chinalipodi. Vuto linali mafunso angawo.

Sabata imeneyo ndinalengeza paliponse. Kuntchito ndinanena, kutchalitchi ndinanena, ngakhale wometa tsitsi ndinamuonetsa zithunzi. Tadala anapita ndi mayi ake ku msika wa ku Chilinde kukasankha chovala chosambirira pakaunjika, ndipo ankachiyesa tsiku lililonse pagalasi.

Loweruka m'mawa tinanyamuka pa galimoto yomwe ndinabwereka kwa mnzanga. Titadutsa Chigwirizano tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndipo tinayenda mpaka apongozi anafunsa motsitsa mawu ngati tikadali m'boma la Lilongwe. Geti titalipeza, mtima unakhala pansi. Linali lokongola ndendende ngati pachithunzi. Ndikuganiza kuti mphamvu zonse za eni malo zinathera pagetipo.

Choyamba kutilandira chinali mbidzi. Inali ya simenti, khutu limodzi litathoka. Nyamalikiti nayo inali ya simenti, ndipo wina anayanika mopu pakhosi pake. Kasitima kanalipodi, koma katakhazikidwa panjerwa, matayala kulibe, ndipo m'bogi yoyamba munali nkhuku ikufungatira mazira. Chinyumba chodumphamo chinali chitagona pansi ngati lona yoyanikapo chimanga, chifukwa magetsi anali atathima ndipo jenereta inali itabwerekedwa ndi amayi omwe ankachititsa mwambo wolangiza mkwatibwi kuseri kwa holo. Damu linali ndi madzi ofika m'mawondo, obiriwira ngati ndiwo zamasamba. Manijala anati pampu inafa mwezi wathawo ndipo akudikira chitsulo china kuchokera kunja.

Zipinda zinali zaukhondo, zimenezo ndisawanamizire. Koma palibe mwana amene amalota zokagona m'chipinda chaukhondo.

Tadala sanadandaule. Anangoimirira m'mbali mwa damu, thaulo lili paphewa, n'kumayang'ana madziwo. Mayi ake anandikokera pambali.

"Tiyeni tibwerere nthawi ikadalipo," anatero. "Malo aja a m'tauni amalandira anthu ngakhale osagona. Mwana akasambira lero lomwe."

Apa ndi pomwe ndimabwerera nthawi zonse ndikamaganiza za tsikuli. Sanandinyoze, sananene kuti ndinakuuzani. Anangonditsegulira khomo kuti ndituluke ulemu wanga uli wonse. Ine ndinalitseka ndekha.

"Tafika kale," ndinatero. "Malo ano ndi abwino, kungoti simunawazolowere."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chinthu chimodzi chokha chomwe chikanandiombola, ndipo maso anga anagwera pa chipaipi chabuluu chija. Chimenecho chokha chinkaoneka chamoyo. Ndinamufunsa manijala ngati chimagwira ntchito.

"Chimagwira, bwana, kungoti madzi timathira ndi ndowa."

"Tadala, kwera ukayese," ndinatero.

"Ndikuopa, adadi. M'katimo muli mdima."

"Palibe choopsa. Ndiyambe ine uone."

Manijala anakanda m'mutu. "Bwana, chimenechi ndi cha ana."

Ndinamuuza kuti ine ndimagwira ntchito m'shopu ya hadiweya, mapaipi ndimagulitsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndikayang'ana paipi ndimadziwa chomwe chingadutsemo. (Za paipi ndinkadziwadi. Chomwe ndinali ndisanachiyeze kwa zaka zambiri ndi mimba yanga.) Ndinasuzumira komwe kunali apongozi ndipo ndinaona kuti akhala patali pansi pa mtengo, atatembenukira kwina. Ndinathamangira kuchipinda, n'kuvala kabudula, n'kukwera makwerero. Manijala anathira ndowa imodzi ya madzi. Ndinalowetsa miyendo, ndinakweza manja m'mwamba ngati momwe ana amachitira pazithunzi, ndipo ndinadzikankha.

Chiyambi chinali chokoma, ndisaname. Pokhota poyamba ndinadutsa ndi liwiro mpaka ndinaseka ndekha. Pokhota pachiwiri liwiro linachepa. Pokhota pomaliza ndinamva thupi likudzaza paipi yonse ngati chitsekerero cha botolo, ndipo ndinaima.

Ndinayesa kudzigwedeza. Ndinayesa kukoka mimba. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo, koma manja anali m'mwamba ndipo panalibe pogwira. M'katimo munali motentha ngati mu uvuni, fungo la pulasitiki ndi abuluzi lili thoo.

"Adadi, muli bwino?" mawu a Tadala anatsika m'paipimo.

"Ndili bwino, mwanangu. Ndikungopumako pang'ono."

Manijala anaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa madzi, ndiye anathira ndowa ina. Madziwo analibe kodutsira, choncho anangondiunjikana kumaso mpaka ndinayamba kutsokomola. Ndinakuwa kuti asiye. Anayesa kunditsitsira chingwe kuti andikokere m'mwamba, koma iye ndi mlonda wokalamba wa pamalopo sakanatha kukweza munthu wa saizi yanga. Kenako ndinayamba kupemphera, pemphero lenileni, chifukwa mpweya unayamba kuchepa ndipo nthabwala inali itatha.

Ndili m'pempheromo ndinamva nyimbo za kuseri kwa holo zikuzima, kenako mawu a mayi wina pa chimkuzamawu.

"Amayi, tiimitse kaye mwambo wathu pang'ono. Akuti kuli bambo wina watsakamira m'choseweretsa cha ana. Amene muli ndi mphamvu tiyeni tikathandize."

Ndinasintha pemphero. Ndinapempha kuti ngati n'kotheka andisiye momwemo.

Anabwera onse, ngakhale omwe analibe mphamvu. Sindinkawaona, koma ndinkamva mapazi ndi mawu atazungulira paipi. Wina anagogoda pulasitiki pafupi ndi mutu wanga n'kufunsa ngati ndikupuma. Nditayankha, mawu ena anamveka chapafupi.

"Mawu amenewa ndikuwadziwa ine. Si bambo a Tadala awa?"

Anali Nachisale, mayi yemwe nyumba yake yayang'anizana ndi yathu, amene nkhani ikafika kwa iwo m'mawa, pofika masana yafika ku Kawale. Mwa malo onse a mu Lilongwe, mwana wa mchemwali wawo anasankha kulangizidwira komweko.

Amayiwo sanachedwe ndi zokambirana. Anatumiza wina kukhitchini kukatenga mafuta ophikira ndi sopo waufa, anasakaniza m'ndowa, n'kuthira pang'onopang'ono kuchokera kumwamba. Mayi wina wochepa thupi analowa m'damu, anakwawira kukamwa kwa paipi, n'kundimanga zitenje ziwiri m'akakolo. Ena onse anagwira zitenjezo pamzere. Ndinamva Nachisale akutsogolera kuwerenga, ndipo anakoka. Ulendo woyamba ndinangosuntha pang'ono. Ulendo wachiwiri ndinamva kuwawa kumsana ngati wina akundipala ndi mpeni, kenako chinthu chinang'ambika, ndipo ndinatuluka ngati mlamba n'kugwera m'madzi obiriwira aja.

Ndinadzuka msangamsanga kufuna kuthokoza. Nditaona nkhope za amayiwo zikutembenukira kumbali nthawi imodzi, ndinadziyang'ana. Kabudula anali atakodwa pa bawuti m'paipi muja, ndipo chomwe chinatsala pathupi panga chinali lamba wake ndi thumba limodzi. Ndinakhalanso pansi m'madzimo. Madzi ofika m'mawondo sabisa zambiri, koma ndi omwe analipo.

Palibe amene anaseka poyamba. Kenako gulu linapatuka, ndipo ndinaona apongozi akubwera. Anayenda mpaka m'mbali mwa damu nkhope atalozetsa kumitengo, anamasula chitenje chawo chapamwamba, chija cha amayi a kumpingo chokhala ndi vesi, n'kundipatsira chakumbuyo.

"Bambo a Tadala, fundani," anatero. Kenako anatembenukira kwa amayi aja. "Zikomo kwambiri, amayi. Bwererani ku mwambo wanu, mkwatibwi akudikira."

Anabwereradi, ndipo kuseka kunayambira pakona ya holo.

Zonsezi ndikanatha kuzipirira. Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi chomwe ndinaona nditatuluka m'damumo, chitenje chili m'chiuno, mafuta akuchucha. Tadala anali ataima pansi pa makwerero, atavala chovala chake chosambirira chomwe chinali chisanakhudze madzi, akulira mopanda phokoso. Nthawi yonse ija iye ankaganiza kuti bambo ake afera m'paipi chifukwa cha zomwe iye anapempha.

"Adadi, tiyeni kwathu," anatero.

Sitinagone. Galimoto anayendetsa ndi mayi a Tadala, chifukwa msana wanga unali utasupuka moti sindikanatha kutsamira mpando. Panjira apongozi anangofunsa kamodzi ngati m'nyumba muli mankhwala opaka pabala.

Mawa lake, atachoka kutchalitchi, atatuwo anapita kumalo aja a m'tauni. Ine ndinatsala ndili chafufumimba pamphasa, msana uli wopakidwa mankhwala, ndikumva Nachisale akufotokozera anthu panja. Madzulo Tadala anabwera maso ali ofiira ndi madzi, akuyankhula mosalekeza. Anakhala pansi pafupi nane n'kumandionetsa zithunzi pafoni ya mayi ake: iye akulowa m'madzi koyamba atagwira chitsulo mwamantha, iye akumwetulira tsitsi lili lonyowa, agogo ake atavula nsapato n'kuviika mapazi m'mbali. Ndinaziyang'ana zonse mpaka kumapeto. Tsiku lomwe mwana wanga anasambira koyamba, ine kunalibe, ndipo palibe amene anandiletsa kupitako koma ine ndemwe.

Sabata yotsatira tinakamusiya kusukulu. Titatsitsa sutikesi ndi ndowa yake pageti, anandikumbatira mosamala, manja akupewa pamsana.

"Tikatsekera tidzapitenso kwina, eti adadi?"

"Tidzapita, mwanangu."

"Koma asankhe ndi amami."

Ndinavomera, ndipo mpaka pano sindinaphwanye panganolo. Masiku ano pakakhala ulendo, ntchito yanga ndi kunyamula zikwama ndi kutseka zitseko. Malo okongola ndimawaonabe pafoni, ndipo nthawi zina chala chimayabwa kuti ndiimbe. Chikatero ndimapereka foniyo kwa mayi a Tadala, n'kutuluka panja kukakhala phee mpaka chilakolakocho chitadutsa.